Mabisiketi a Khirisimasi a ku Mexico: n'chifukwa chiyani anga akutuluka olimba?

Funso

"Chaka chatha mnzathu wa kuntchito wochokera ku Mexico anatibweretsera timabisiketi togubuduzidwa mu shuga ndi sinamoni. Tinali tokoma, ndipo ukangoika m'kamwa tinkayoyoka tokha osatafuna. Anati kwawo satisowa pa Khirisimasi. Mwini wakeyo anabwerera kwawo, ndiye ndakhala ndikuyesera ndekha ndi majarini komanso sinamoni wa m'kabotolo. Koma akutuluka olimba gwa, fungo lakenso si lomwe lija. Ndikulakwitsa pati? Uvuni ndili nawo, kungoti kuno ku Zomba magetsi amathimathima. Ndikufuna chaka chino ndiwaphikire ana."

Yankho

Mayi, zikomo pofunsa. M'mene mwafotokozeramu, amene munadyawo ndi hojarascas. Kwawo kwenikweni ndi kumpoto kwa Mexico, m'zigawo za Nuevo León, Coahuila ndi Tamaulipas. Mukawoloka mtsinje wa Rio Grande kulowa kum'mwera kwa Texas mukawapeza akutchedwa pan de polvo, ndipo kumeneko ukwati kapena Khirisimasi sizidutsa popanda iwo. Ali ndi abale awo. Pali polvorones omwe anachokera ku Spain, palinso biscochitos a ku New Mexico, dera lomwe linali mbali ya Mexico mpaka 1848, komwe mu 1989 aphungu anachita kukhazikitsa lamulo loti bisiketi imeneyi ndiyo yoimira chigawo chawo. Mayina ndi ambiri koma maziko ake ndi amodzi: ufa wa tirigu, mafuta ochuluka, shuga wapakatikati, madzi ochepetsetsa. Vuto lanu lagona pa mafuta ndi madziwo. Sinamoni nayenso ali ndi mlandu wake, tifikapo.

Tiyambe ndi kulimbako. Ufa wa tirigu ukakumana ndi madzi n'kukandidwa, mumapangika zomata zotamuka zimene amazitcha gluten. Pa buledi ndi mandasi timazifuna zimenezi, n'chifukwa chake timakanda mpaka mikono kuwawa. Pa hojarascas sitizifuna n'komwe. Cholinga n'chakuti mafuta akute ufa wonse madzi asanaufike, gluten asapeze mpata wopangika. Bisiketi yotero ikapsa imakhala yogwirana pang'ono chabe, mongokwanira kuti muinyamule kuchoka pambale kufika pakamwa.

Tsono majarini si mafuta okhaokha. Batala ndi majarini wolimba uja wokulunga m'pepala, mafuta ake amakhala pafupifupi magawo 80 pa 100, otsalawo ambiri ndi madzi. Majarini wofewa wa m'kontena, wopaka pabuledi, ndiye amawononga kwambiri, chifukwa wina mafuta ake safika n'komwe theka. Tembenuzani kontena yanuyo muwerenge, zinalembedwa. Munthu umaganiza kuti wathira mafuta pamene wathira madzi, ndipo ufa ukayamba kumata m'manja umawonjezera ufa wina n'kukandanso. Kukanda kulikonse kumalimbitsa bisiketi. Ndikukhulupirira kuti izi n'zomwe zakhala zikukuchitikirani.

A ku Mexico amaphikira manteca, mafuta a nkhumba osungunula, omwe alibe madzi. Nkhumba, tirigu ndi nzimbe zonse zinafika kumeneko ndi Asipanishi m'zaka za m'ma 1500, ndipo kaphikidwe ka zotsekemera zotere kanakulira kwambiri m'makhitchini a masisitere kasanafalikire m'makomo. Ndikudziwa kuti ambiri amachita tsinya akamva za mafuta a nkhumba mu bisiketi, amaopa kuti inunkha nyama. Siinunkha, bola mafutawo akonzedwe bwino. Ndifatsepo pamenepa chifukwa m'masitolo mwathu mafutawa sapezekapezeka, muchita kukonza nokha.

Kwa wogulitsa nkhumba amene mumamukhulupirira, pemphani mafuta a m'kati, oyera aja okuta impso. Amenewo ndiwo alibe fungo. A pamsana nawonso ndi abwino mukasenda chikopa n'kuchotsa tinyama tonse. Aduleni tizidutswa tating'onoting'ono, ikani mupoto wochindikala pansi, thiranimo madzi okwana kota ya kapu kuti asapserere poyamba, ndipo moto ukhale wochepa. Osavundikira. Madziwo auma okha, kenako muona mafuta akutuluka pang'onopang'ono, oyera moonekera mpaka pansi pa poto. Muzitakasa mwa apo ndi apo. Ntchitoyi imatenga ola limodzi, mwina awiri. Mukapupuluma n'kusonkhezera moto, mafuta amafiira n'kutenga fungo la nyama yokazinga, ndipo amenewo amakhala a ndiwo basi. Tizidutswa tija tikafota n'kuyamba kufiirira, thovu litachepa, phulani. Sefani pansalu yoyera kuthira m'botolo louma bwino. Akazizira amaundana n'kuyera mbee, ndipo mukawanunkhiza simumva kanthu. Kilogalamu imodzi ya mafuta aawisi ikukwanirani kuphika kawiri. Asungeni mufiliji.

Ngati pakhomo panu simudya nkhumba, monga abale athu achisilamu ndi a Seventh Day, njira ilipo. Ku Mexico komweko mabanja ambiri masiku ano amaphikira manteca vegetal, mafuta oyera olimba ochokera ku zomera, amene m'masitolo akuluakulu amalembedwa kuti shortening kapena white cooking fat. Nawonso alibe madzi, ndipo bisiketi yake imayoyoka chimodzimodzi. Kungoti paokha sakoma kwenikweni, ndiye ine ndimasakaniza magawo atatu a mafuta oyerawo ndi gawo limodzi la batala. Batala yekha amathekanso, koma bisiketi imalimbirako ndipo imayala muuvuni. Mafuta amadzimadzi ophikira ndiwo asiyeni, ufa wake sugwirana moti n'kuudula bwino.

Tsopano fungo lija. Sinamoni alipo wa mitundu iwiri ikuluikulu ngakhale pachikuto amalemba dzina limodzi. Wa m'tibotolo nthawi zambiri amakhala cassia, wochokera ku China, Indonesia kapena Vietnam, wofiira moderako, waukali, woluma palilime. Amene a ku Mexico amamutcha canela ndi wa ku Sri Lanka, ndipo palibe dziko logula sinamoni wa ku Sri Lanka wochuluka kuposa Mexico. Anamuzolowera kalekale. Kuyambira 1565 mpaka 1815 zombo zinkayenda pakati pa Manila ndi doko la Acapulco zitasenza silika, mbale za ku China ndi zonunkhiritsa za ku Asia, sinamoni ali momwemo. Fungo la canela ndi lofatsa, lotsekemera, losaluma. Ndi limenelo mukulisakalo, ndipo mukawonjezera cassia pofuna kulipeza m'pamene mumalitalikira.

Kuwasiyanitsa n'kosavuta mukagula wa timitengo. Cassia ndi khungwa limodzi lochindikala, lopindika, lolimba moti kulithyola ndi manja n'kovuta. Canela mukamuyang'ana kunsonga mumaona timakungwa tambiri topyapyala tokulungana, mtundu wake ndi wotuwirako, ndipo mukamufinya ndi zala amaphwanyika. Kafufuzeni m'masitolo ogulitsa zonunkhiritsa ku Limbe kapena ku Lilongwe, ndipo pemphani kuti mumuone musanalipire. Mukafika naye kunyumba, muphwanyeni, mumusinje mu kamtondo koyera kamene simunasinjiremo adyo kapena tsabola, kenako sefani. Titsotso tina tikadutsa pasefa musade nkhawa, hojarascas zenizeni zimakhala ndi timadontho tofiirira. Mukamusowa, cassia yemweyo agwira ntchito, koma chepetsani muyezo ndi theka. Chimene sindingakuloleni ndi mixed spice. Imeneyo ndi ya makeke a zipatso, ndipo imakwirira sinamoni yense.

Kuseri kwa sinamoni kumabisala fungo lachiwiri limene mabanja ambiri sasiya, la anise. Ndi tinthangala tating'ono totuwa, tonunkhira motsekemera. Mukatisowa gwiritsani ntchito star anise ziwiri, kapena fennel amene m'masitolo a amwenye amatchedwa saunf, ngakhale iye ndi wofookerako. Anise salowa mu ufa ali wouma, amayamba waphikidwa tiyi, ndipo nzeru imeneyi ya amayi a kumpoto kwa Mexico ndimaisirira. Popeza madzi ololedwa kulowa mu ufa ndi ochepa, amaonetsetsa kuti dontho lililonse lanyamula fungo. Tengani kapu imodzi ya madzi, timitengo tiwiri ta canela ndi supuni yaikulu imodzi ya anise. Ziwire pamoto wochepa mphindi 10 kapena kuposerapo, mpaka madzi atatsala theka ndipo afiira. Sefani, muwasiye azizire kotheratu. Tiyi wotentha asungunula mafuta n'kuwononga zonse.

Miyezo yake nayi. Ufa wa tirigu magalamu 500, womwe ndi makapu 4 a mamililita 250 osatsendera. Ukhale cake flour, osati bread flour, osatinso self-raising. Mafuta magalamu 250, kutanthauza kapu imodzi ndi masupuni akuluakulu atatu. Shuga magalamu 150, omwe ndi makota atatu a kapu. Baking powder supuni yaing'ono imodzi, mchere theka la supuni yaing'ono, canela wosinja supuni yaikulu imodzi. Padera konzani shuga wina magalamu 150 wosakaniza ndi supuni yaikulu imodzi ya canela, wogubuduzamo mabisiketi akapsa. Muyezo umenewu umatulutsa timabisiketi pafupifupi 50 kapena 60, kutengera ndi kadulidwe kanu. Dzira mulibe. Ena amathira, koma choyera cha dzira chimamanga ufa, ndipo ife tikufuna womasuka. Vanila nayenso, ngakhale kwawo ndi ku Mexico komweko, ulendo woyamba musiyeni kuti mumve kaye kukoma kwa canela payekha.

Shuga wathu kuno ndi wa mibulu ikuluikulu, ndipo mu ufa wouma chonchi sapeza madzi osungunukiramo. Musinjeni pang'ono mumtondo, wolowa mu ufa ndi wogubuduzira yemwe. Asachite kukhala ufa, angochepa mibulu. Wa bulauni ndi wabwino ndithu, amawonjezera kukoma kwa nzimbe komwe a ku Mexico amakukonda.

Ikani mafuta ndi shuga m'beseni, mutakase mwamphamvu ndi mthiko mpaka zitayera n'kupepuka. Pamanja zimatenga mphindi 8 kapena 10, ndipo pamenepa pokha m'pamene mkono uyenera kutopa. Mphepo imene mukulowetsa mu mafutayo ndiyo ipepukitse bisiketi. Sefani ufa pamodzi ndi baking powder, mchere ndi canela, kenako thirani m'mafutamo magawo atatu, mukusakaniza mofatsa. Ufa ukatha muona zili mbulumbulu, zosagwirana. Tsopano tiyi uja. Thirani supuni yaikulu imodzi, sakanizani ndi nsonga za zala, thiraninso ina. Kawirikawiri masupuni 4 kapena 5 amakwana, ndipo tiyi wotsalayo imwani. Muziyesa chonchi: tapani dzanja limodzi, mufumbate, mutambasule. Ufa uzikhala ngati mchenga wonyowa wa kumtsinje, wosunga zidindo za zala zanu koma wosweka mukaudina ndi chala. Ukafika pamenepo lekani. Mtima ukuuzani kuti ndi wouma kwambiri, muwonjezere madzi, mukande usalale. Musaumvere. Ingounjikani pamodzi, mudinikize ndi chikhatho kawiri katatu, basi.

Apa pali chinthu chimene anzathu a ku Monterrey, mzinda wa kumpoto kwa Mexico, sakumana nacho. Kwawo Disembala ndi nyengo yozizira, pamene kuno kumakhala kotentha ndi chinyezi cha mvula. Mafuta a nkhumba amafewa msanga, ndipo ufa wokandawo ukafunda umayamba kunyezimira n'kumata. Ukulungeni mupepala la pulasitiki, muuike mufiliji mphindi 30. Ngati magetsi athima, khazikani beseni lanu m'beseni lina la madzi ozizira, kapena phikani m'mamawa dzuwa lisanakwere.

Poyala, tengani gawo limodzi mwa magawo anayi, lotsalalo likhale pozizira. Wazani ufa wochepa kwambiri patebulo, kapena yalani pakati pa mapepala awiri a pulasitiki kuti musawonjezere ufa n'komwe. Botolo losalala limayala bwino ngati mulibe choyalira. Kuchindikala kwake kusachepere theka la sentimita ndipo kusapitirire sentimita imodzi. M'mbali muzing'aluka, ndi mmene ziyenera kukhalira, ingolumikizani ndi zala. A ku Mexico amadula nyenyezi, mitima, maluwa ndi tozungulira, ndipo amakonda tating'ono, ta masentimita 4 kapena 5, tolowa m'kamwa kamodzi kapena kawiri. Chivundikiro cha kabotolo kapena katambula kakang'ono kadula bwino. Zotsala m'mbali zilumikizeni muyalenso kamodzi kokha, chifukwa kuyala kachitatu n'kukanda komwe. Njira ina yachidule, yomwe ndimauza oyamba kumene, ndi kuumba timibulu m'manja n'kutidinikiza ndi pansi pa tambula. Sitioneka mwaluso koma timatuluka tofewa kuposa todula.

Uvuni utenthe kaye kufika madigiri 180. Thileyi musaipake mafuta, mu ufamo ndi okwanira. Mphindi 15 mpaka 18 zimakwana, koma musadalire wotchi yokha. Nyamulani kamodzi ndi mpeni muone kunsi. Kukhale kofiirira pang'ono, pamwamba pali potuwa. Mukadikira kuti pamwamba pafiire, mwapsereza, ndipo canela wopserera amawawa. Mukatulutsa asiyeni pathileyi mphindi 3 mpaka 5. Akadali otentha kwambiri amaphwanyika mukangowakhudza, akazizira shuga samata. Nthawi yake ndi pamene mungathe kuwagwira osapsa koma akadali ofunda. Ikani kamodzikamodzi m'mbale ya shuga ndi canela ija, mukwirire ndi supuni, mutembenuze, mutulutse. Ntchito imeneyi apatseni ana, amaikonda, ndipo tophwanyikato ndi malipiro awo.

Za magetsi musadandaule, mabisiketi amenewa anayamba kuphikidwa magetsi kulibe. Tengani poto wamkulu, thirani pansi pake mchenga woyera wouma wokwana zala ziwiri kuya kwake, khazikani pambaula ya makala ochepa, vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo n'kuikapo makala amoto pamwamba, monga timachitira ndi chigumu. Atenthe mphindi 15. Pofuna kudziwa ngati moto wakwana, wazani kaufa pang'ono pambale yachitsulo muike m'katimo. Kakafiirira bwino pamphindi 5, moto uli bwino. Kakada msanga, pungulani makala. Apamwamba achulukirepo kusiyana ndi apansi, chifukwa bisiketi yamafuta chonchi imapserera kunsi mosachedwa. Muzitembenuza mbale pakati pa nthawi, ndipo musamavundukule pafupipafupi. Mbaulayo ikhale panja kapena pakhonde, osati m'nyumba yotseka. Muphika maulendo angapo chifukwa poto salowa ambiri, koma kukoma kwake sikusiyana.

Akazizira kotheratu, ndikutanthauza kotheratu, aikeni m'chitini kapena m'botolo lotseka bwino. Nyengo ya mvula ino, mukawasiya pambale usiku umodzi mupeza shuga atanyowa ndipo bisiketi yafewa moipa. M'chitini chotseka amakhala masabata awiri osasintha. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu amakoma kuposa loyamba, fungo la canela ndi anise likakhazikika m'mafuta.

Kusungika kumeneku n'kofunika ku Mexico chifukwa Khirisimasi yawo si ya tsiku limodzi. Chisangalalo chimayamba pa 12 Disembala, tsiku la Maria wa ku Guadalupe. Kuyambira pa 16 mpaka pa 24 kumakhala Las Posadas, mausiku 9 okumbukira mmene Maria ndi Yosefe anavutikira kupeza malo ogona ku Betelehemu. Mwambowu unayambira kwa ansembe a chipani cha Augustine ku Acolman, pafupi ndi Mexico City, m'zaka za m'ma 1580. Anthu a m'dera limodzi amayenda ndi makandulo, kufika pakhomo n'kuimba kupempha malo, a m'nyumba n'kuyankha moimba kuwakaniza, mpaka chitseko chitseguke onse alowe. Ana amaswa piñata, chotengera chokongoletsedwa chopachikidwa m'mwamba, cha nsonga 7 zoimira machimo akuluakulu 7, n'kutola mtedza, malalanje ndi nzimbe zomwe zagwa. Usiku uliwonse phwando limakhala pakhomo lina, ndipo alendo amafika ambiri. Mayi wokhala ndi chitini chodzadza hojarascas sachita manyazi. Zikondwererozo zimapitirira mpaka pa 6 Januwale, tsiku la Mafumu Atatu, pamene amadya buledi wozungulira wotchedwa rosca de reyes.

Sadya mabisiketiwa owuma. Pambali pamakhala ponche, chakumwa chotentha cha magwafa, nzimbe, canela ndi tizipatso totchedwa tejocote, kapena chokoleti chotentha, kapena café de olla, khofi wophikidwa mumphika wadothi pamodzi ndi canela ndi piloncillo, shuga wa nzimbe wosayeretsa wowumbidwa mosongoka. Khofi ameneyu mungathe kumuphika kwanu komweko: madzi lita imodzi, kamtengo kamodzi ka canela, shuga wa bulauni masupuni akuluakulu 4, ziwire mphindi 5, kenako thirani khofi wogaya masupuni akuluakulu 5, phulani, vundikirani mphindi 5 n'kusefa. Kwa ana, tiyi wamkaka wa shuga wochepa akwanira, popeza bisiketiyo yabwera kale ndi shuga wake.

Ngati mukufuna akhale patebulo pa 25 Disembala, sinamoni ndi anise muwasake mwezi usanafike pakati, chifukwa ndi amene angakuyendetseni. Sabata imodzi Khirisimasi isanafike phikani theka la muyezowu kuti dzanja lizolowere kuuma kwa ufa komanso mudziwe khalidwe la uvuni kapena mbaula yanu. Mafuta a phwando lenilenilo sungunulani pa 21, agone mufiliji, muphike pa 22 kapena pa 23. Akadzatulukabe olimba, ulendo wotsatira chepetsani tiyi wa canela ndi anise uja ndi supuni yaikulu imodzi ndipo muchepetse kugwiragwira ufa. Akamaphwanyika musanawachotse n'komwe pathileyi, wonjezerani supuni yaikulu imodzi ya tiyi yemweyo, osapitirira pamenepo.